Lilime Lobwereka la Mayi Supuni

Mayi Supuni anali ndi lamulo limodzi m'kantini mwawo, ndipo aliyense amene anagwirako ntchito kukhitchini kwawo analimva mpaka makutu kuwawa: munthu amanama, mbale sinama. Wakudya akhoza kukuuza kuti chakudya chakoma chifukwa cha ulemu, kapena chifukwa akufuna umuwonjezere msuzi, koma mbale yake ikamabwerera kukhitchini imaulula zonse. N'chifukwa chake panalibe mbale imene inkalowa m'madzi iwo asanaione. Ankaipendeketsa pawindo, n'kuwerenga zotsalazo monga ena amawerengera nyuzipepala.

Kantiniyo inali chipinda chimodzi pakati pa galaja ndi shopu ya telala. Khitchini inali kuseri kwa khoma, ndipo pakhomapo panali kawindo kopatsirana mbale. Kunja kwa khitchini kunali kanjira kopanikiza komwe kunkaima galimoto yakale ya amuna awo. Dzina la Supuni linachokera pa supuni yaing'ono yachitsulo imene inkakhala m'thumba la epuloni yawo. Anaipatsidwa pa 2 Febuluwale 1979, tsiku limene anachotsedwa pa sinki yotsukira mbale mu hotela ina n'kuikidwa pa chitofu, akadali mtsikana. Chiyambire tsikulo sanayezepo mchere ndi kapu kapena sikelo. Dzanja linkathira, supuni inkatunga, lilime linkanena kuti zakwana.

Amuna awo anali dalaivala wa basi. Anadziwana pa 9 Juni 1984 m'kantini ya padepoti, pamene dalaivalayo anabweza mbale ya nyemba pakawindo n'kunena kuti mchere wachepa. Wophikayo anasuzumira n'kumuyankha kuti munthu wopuma utsi wa dizilo tsiku lonse alibe lilime, m'kamwa mwake muli chidutswa cha tayala. Mawa lake dalaivala uja anabweranso, n'kudandaulanso. Anadandaula mpaka ukwati, ndipo anzawo apadepoti anawapatsa dzina loti a Mcherewachepa, lomwe linawakanirira mpaka imvi. Mayi Supuni atatsegula kantini yawoyawo, ndipo bambowo atapuma ntchito, iwo anadzipezera tebulo la pakona. Ntchito yawo inali kukagula katundu kumsika m'mawa, masana n'kumadandaula.

"Nyama ya leroyi mwaiphika kapena mwangoiopseza?" ankafunsa mokweza kuti amakaniko amve.

"Mano anu ndiwo akalamba, musanamizire ng'ombe," yankho linkatulukira pakawindo.

Anthu ena ankabwera kudzadya, ena ankabwera kudzamvera zimenezi. Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti bambowo nthawi zambiri ankanena zoona. Mayi Supuni ankadikira kuti ayang'ane kumbali, n'kuthira kamchere m'poto mwakachetechete.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chinayamba ngati chimfine chosatha: kumeza kowawa, khutu lakumanzere kulasa, kenako kachotupa pansi pa chibwano. Pa 17 Ogasiti 2022 dokotala anawauza kuti ndi khansa, ndipo inali kutsinde kwa lilime. Mayi Supuni anamva mawu awiri okhawo, khansa ndi lilime, makutu n'kutsekeka. Kuyambira tsikulo, akaona dokotala akutsegula pakamwa mtima unkagunda mpaka osamva kanthu. Choncho anagwirizana kuti bambo ndi amene azikhala kutsogolo n'kumamvetsera, akatuluka aziwafotokozera m'galimoto.

Kunabwera opaleshoni, kenako kuwotcha ndi makina. Ankawaphimba nkhope ndi chigoba chapulasitiki chonga ukonde, n'kuchimangirira ku bedi kuti mutu usagwedezeke. Munthu amene sanakhalepo phee moyo wake wonse ankagona pamenepo ngati katundu womangidwa padenga la basi, makina akuzungulira. Khungu la pakhosi linada, kenako linayamba kusenda. Kumeza kutakanika, anawaika paipi yodyetsera. A Mcherewachepa anaphunzira kusefa phala, kulithira m'paipi pang'onopang'ono, kutsuka paipiyo, ndi kupaka mafuta pakhosi ndi nsonga za zala zija zozolowera chiwongolero. Zonsezi ankachita bwino, mosadandaula. Ndipo ndi m'miyezi imeneyi mmene nthabwala zawo zinathera, ngakhale panalibe amene anazindikira tsiku lake.

Kuwotcha kunatha pa 2 Disembala. Abale anabwera kudzawagwira chanza, aliyense akuti mwachira, tithokoze. Iwo ankangogwedeza mutu, chifukwa khosi silinkatembenuka bwino ndipo mawu anali osasa ngati a munthu wodzuka kumene. Malovu anali atauma. Botolo la madzi linasanduka mnzawo wa kulikonse, chifukwa popanda ilo lilime linkamatirira kumwamba kwa kamwa. Paipi itachotsedwa, anapempha tiyi wa shuga wambiri, amene anakhala akumulota miyezi yonseyo. Anamwa, n'kuyang'ana m'kapu. Anali madzi ofunda oviikamo msomali. Buledi anali ngati siponji ya matiresi. Atatsala okha anapita kukhitchini, anatapa mchere ndi chala n'kuika palilime. Unali mchenga chabe.

Dokotala anati kulawa kumatha kubwerera pang'onopang'ono, kwa ena kumabwerera theka, kwa ena ayi ndithu. Anati azipuma.

Kupuma n'kumene kunawavuta kuposa makina aja. Ankadzuka m'mawa n'kusesa pabwalo, akamaliza n'kuyambanso pomwe anayambira. Anatulutsa mbale zonse m'kabati, n'kuzibwezera mwa dongosolo lina, mawa lake n'kuzibwezeranso mwakale. Ankakhala pampando, usanafunde n'komwe anyamuka. Ankaima pageti ndi botolo lawo n'kumayang'ana anthu opita kuntchito mpaka msewu kuyera. Dzuwa likafika pamutu, manja awo ankayamba kuyabwa okha, chifukwa ankadziwa kuti ino ndiyo nthawi yoti mpunga uphulidwe. Kukantini kunali mng'ono wawo, yemwe anatseka kaye bizinezi yake ya nsalu kuti chitofu cha akulu ake chisazime. Madzulo akabwera kudzawaona, mafunso ankamugwera asanavule nsapato.

"Anyezi ukumayamba ndiwe kapena ukumathira pamodzi ndi tomato?"

"Achemwali, anthu akudya. Palibe wafa."

"Sindinafunse za maliro."

Supuni ija inali m'dirowa ya kuchipinda. Ankatsegula, kuiyang'ana, n'kutsekanso. Zovala zinkawakhwepa mwezi ndi mwezi, chifukwa munthu sungadye siponji ndi mtima wonse.

Tsiku lina Lamlungu, mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi, anabwera ndi maganizo okonza kale. Anati kantini ipite m'manja mwa amayi aang'ono, amayi azikhala pakhomo, mwina aziweta nkhuku.

"Nkhuku?" anatero Mayi Supuni, n'kumwa madzi kuti mawu atuluke. "Ndinakuphunzitsa ndi chitofu chimenecho mpaka unavala gauni, lero ukundipatsa nkhuku?"

"Amayi, simukumva kukoma. Wophika wosalawa ali ngati dalaivala wosaona."

"Usalowetsepo madalaivala," anatero bambo ake, amene anakhala pakona. Anakhosomola, n'kupitiriza akuyang'ana pansi. "Lilime lilipo. Langali. Lakhala likugwira ntchito yaulere zaka zonsezi, lilembedwe ntchito tsopano. Iwo aziphika, ine ndizilawa."

Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza anapangana chonchi: Mayi Supuni abwerere pachitofu, mng'ono wawo akhalebe wothandiza, ndipo mbale ndizo ziweruze. Zikamabwerera zoyera, apitirize. Zikamabwerera ndi chakudya, avule epuloni popanda mkangano. Mayi Supuni ndi amene ananena mawu omalizawo, chifukwa lamulolo linali lawo lomwe.

Anabwerera Lolemba pa 3 Epulo 2023, atakulunga kansalu m'khosi, botolo la madzi lili pashelefu pafupi ndi mafuta. Madzi saiwala khwawa. Mpeni unkayenda wokha, khutu linkamva anyezi akafika pofiira, maso ankadziwa msuzi wogwirana. Koma atatapa mchere, dzanja linaima m'malere. Zaka zonsezi dzanjalo silinkadziwa muyezo, linkangothira mpaka lilime litaliletsa. Anathira. Anatunga ndi supuni, mwa chizolowezi n'kuika m'kamwa mwawo. Madzi ofunda. Dzanja linathiranso lokha.

"Bambo, tabwerani."

A Mcherewachepa analowa, analandira supuni, anauzira, n'kumeza. Akazi awo ankawayang'ana pakamwa ngati munthu wodikira zotsatira za mayeso.

"Zili bwino."

"Bwino bwanji?"

"Bwino basi. Pakulani."

Masana amenewo bambowo sanakhale patebulo lawo la pakona. Anati miyendo ikufuna kuwongola, ndipo iwo ndi amene azichotsa mbale pamatebulo. Ankazisanja pathireyi, koma m'malo mozipereka pakawindo ankatuluka nazo khomo la kutsogolo, kuzungulira m'kanjira kaja, n'kulowa khomo la kukhitchini. Anati kawindoko n'kakang'ono, thireyi sikwana. Mbale zinafika zoyera, zonse. Mayi Supuni anazipendeketsa pawindo imodziimodzi, maso atadzaza misozi, n'kunamizira anyezi.

Mawa lake zinali chimodzimodzi, ndi mkuja womwe. Supuni inkapita, yankho linkabwera: zili bwino. Amakaniko ankasuzumira pakawindo potuluka n'kunena kuti, "Zakoma, mayi, dzanja lanu silinasinthe." Mphunzitsi uja akaimba foni, ankamuuza kuti mbale zikubwera ngati zanyambitidwa ndi galu.

Komabe mtima sunakhale pansi. Kunyumba kuja ankaganiza kuti chimene chikuwayendetsa uku ndi uku n'kusowa chitofu. Tsopano chitofu chinalipo, koma ankapukuta tebulo lopukuta kale, kuvundukula mapoto opanda chifukwa, kupita pakawindo n'kubwerera. China chake sichinali m'malo mwake, ngati mpando umene wina wausuntha pang'ono m'chipinda chimene umachidziwa. M'kantinimo munali bata. Amakaniko aja, anthu ophokosera ngati ali pansi pa lole, ankadya ngati ali pamaliro. Majagi a madzi ankatha kawirikawiri, mng'ono wawo ankangokhalira kudzaza. Tsiku lina anaona mkulu wa amakaniko, atangotuluka kumene kudya, akuwoloka msewu atapanira buledi m'khwapa. Anadziuza kuti mwina ndi wa ana kunyumba.

Ndipo bambo aja sanadandaulepo ngakhale kamodzi. Nyama inali bwino, mpunga unali bwino, tiyi anali bwino.

Chimene chinawatsegula maso ndi mbale ya telala. Telalayo anali munthu wamanyazi, wodya pa nthawi yake, pa mpando wake, m'mbale yake ya mzere wobiriwira m'mphepete, imene anaisankha yekha kalekale. Chiyambire kudya pamenepo sanalawepo kabichi. Sankakana kuti asamuikire, poopa kuvutitsa, koma ankamukankhira m'mphepete n'kumuunjika bwinobwino ngati zidutswa za nsalu, fupa n'kuliika pamwamba. Tsiku lina Mayi Supuni anagwira mbale ya mzere wobiriwira ija, n'kuima. Inali yoyera. Panalibe kabichi, panalibe fupa. Anakumbukira kuti dzulo inalinso choncho, ndi dzana lomwe.

"Iwe," anaitana mng'ono wawo. "Atelala anayamba liti kudya kabichi?"

Mng'onoyo anaweramira m'sinki. "Anthu amasintha, achemwali."

"Ndi mafupa omwe akumeza?"

Mng'onoyo anatsegula mpopi mwamphamvu kuti madzi achite phokoso.

Lachitatu pa 26 Epulo, Mayi Supuni anagawa nyemba m'mapoto awiri. M'poto woyamba sanathiremo mchere ngakhale kambewu kamodzi. M'poto wachiwiri anathiramo dzanja lodzaza, n'kubwerezanso, mpaka mng'ono wawo anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Kenako anaitana.

Anatunga m'poto woyamba. Bambowo anameza.

"Zili bwino."

Anatsuka supuni, n'kutunga m'poto wachiwiri. Bambowo anameza. Diso limodzi linaphethira, khosi linagwira ntchito kawiri, koma nkhope anaigwira ngati pa chithunzi cha laisensi.

"Izinso zili bwino."

"Bambo, kiyi wa galimoto."

"Mupita kuti ndi epuloni?"

"Kiyi."

Anatuluka khomo la kukhitchini, bambowo akuwatsatira, mng'ono wawo ali pambuyo manja akudontha thovu. Ntchentche zinali zitawalozera kale malo, chifukwa zinkazungulira kumbuyo kwa galimoto. Anatsegula buti. Munali ndowa ziwiri zovindikira ndi chopalira chapulasitiki. Anavundukula imodzi. Munali mpunga wa dzulo, nyama yolumidwa kamodzi n'kusiyidwa, mbatatesi zathunthu, ndipo pamwamba penipeni panali kabichi wa telala.

Anayang'ana m'ndowamo nthawi yaitali. Sanali makombo a anthu okhuta. Anali mbale zathunthu za anthu amene analawa n'kugonja.

"Zimapita kuti?" anafunsa, mawu akukanda pakhosi.

"Kwa mnzanga wina woweta nkhumba."

"Nkhumbazo zikuti bwanji? Nazonso zikuti zili bwino?"

Mkulu wa amakaniko, amene anatulukira pakona ya galaja ndi sipanala m'manja, anaseka mosafuna, kenako anadzigwira pakamwa. Mayi Supuni anamutembenukira ndi thupi lonse, poti khosi lokha silinkatembenuka.

"Nawenso uli momwemo?"

"Ife tinangopemphedwa, mayi. Adalaivala anatizungulira tonse, mpaka atelala. Anati aliyense wonena za mchere asadzapondenso pano." Anakanda m'mutu ndi sipanala ija. "Koma kunena zoona, mlungu wathawu milomo inachita kusweka."

"Pita ukagone pansi pa lole yako."

Anapita. Mng'ono wawo nayenso anabwerera m'khitchini mwakachetechete, n'kusiya awiriwo m'kanjiramo, ndi ntchentche.

A Mcherewachepa anatseka buti pang'onopang'ono, n'kutsamira galimoto. "Ine ndinakuonani kunyumba kuja," anatero. "Munkazungulira ngati nkhuku yosowa poikira. Munkatha ndikuona. Tsiku limene munabwerera pano munadya mbale yonse ya phala, osakakamizidwa. Ndiye ndikanatani? Munthu ndinkakuthirirani chakudya m'paipi ndi manja angawa, lero ndiime pamaso panu ndizinena kuti mchere wachuluka? Ndimati ndinene, pakamwa pamakana."

Mayi Supuni anafuna kuyankha, koma lilime linamatirira. Botolo linali m'khitchini. Bambowo anathamanga kukalitenga, anatsegula n'kuwapatsa, monga ankachitira miyezi yonseyo. Anamwa, n'kupukuta pakamwa ndi epuloni.

"Kuchipatala kuja aliyense ankati zili bwino," anatero. "Anamwino zili bwino, abale zili bwino, mwana wathu zili bwino, ine khosi likusenda ngati khoma lakale. Sindinkawaimba mlandu, ndi mmene anthu amalankhulira ndi wodwala. Koma mumtima ndinkati ndili naye mmodzi amene chiyambire sanayamikirepo chinthu chosayenera. Ndinakubwerekani lilime chifukwa ndi loipa, bambo. Likanakhala laulemu ndikanabwereka la atelala."

Bambowo anayang'ana nsapato zawo.

"Tsono ndifunse," anapitiriza Mayi Supuni. "Mundiuze. Ulendo wathawu kwa dokotala, titalowa m'galimoto muno, munandiuza chiyani?"

Kugalaja wina ankamenya chitsulo.

"Ndinati zili bwino."

"Ngati nyemba zija?"

"Ayi!" Anadzutsa mutu. "Ayi, mayi. Chithunzi chimene anakujambulani pakhosi sichinaonetse chotupa. Zimenezo ananena, ndikulumbira. Koma anatinso pali potupa pang'ono m'khosi, kumanzereku. Akuganiza kuti ndi chifukwa cha kuwotcha kuja, osati matenda. Akufuna adzapaonenso mu Julayi kuti atsimikize."

"Za potupapo simunandiuze."

"Sindinakuuzeni."

Mayi Supuni anakweza dzanja n'kugwira pakhosi, pamwamba pa kansalu kaja. Malowo ankawadziwa. Anakhala akuwagwira m'bafa mlungu ndi mlungu, osauza munthu, akudzifunsa ngati dokotala sanawaone kapena anawaona n'kubisa. Chodabwitsa n'chakuti atamva tsopano, mantha anachepa. Chinthu chinali ndi dzina, ndi mwezi wake.

Analowa m'khitchini. Anamasula epuloni, anaipinda, n'kuiika patebulo lodulira nyama. Anatulutsa supuni ija n'kuisanjika pamwamba.

"Pangano ndi pangano," anauza mng'ono wawo. "Mbale zaweruza. Chitofu ndi chako."

"Achemwali, ine nsalu zanga zikudyedwa ndi njenjete. Ndinabwera kudzagwirizira, sindinabwere kudzalowa ufumu."

"Upeza wina. Ine sindingadyetse anthu chakudya cha nkhumba."

Kutsogolo mipando inali itayamba kukokedwa, anthu akulowa. Palibe amene ankalankhula, ndipo zinali zoonekeratu kuti mkulu wa amakaniko wafalitsa kale nkhani. Mayi Supuni anatenga botolo lawo ndi chikwama. Atafika pakhomo anamva chivindikiro chikulira kumbuyo kwawo.

A Mcherewachepa anali atatola supuni ija. Anatunga m'poto wachiwiri, analawa, ndipo ulendo uno nkhope anaisiya kuti ichite zimene ikufuna. Inakwinyika yonse. Analavulira m'sinki.

"Izi si nyemba," anatero, mawu ali okweza, ofika mpaka kutsogolo. "Uwu ndi mwala wonyambita ng'ombe. Munthu atadya izi akhoza kumwa radiyeta yonse." Anatunga m'poto woyamba. "Izi ndiye zaphikidwa ndi munthu wodana ndi anthu. Ngakhale kundende amathirako kanthu."

Mayi Supuni anaima pakhomo, atawapatsa msana.

"Ndipo poti tayamba," anapitiriza bambowo, "mpunga wa Lolemba unali phala. Nyama ya dzulo inali yabwino, koma munaipha kachiwiri ndi mchere. Tiyi yekha ndiye mwakhala mukukhoza, chifukwa shuga amathira okha."

"Mpunga wa Lolemba," anatero Mayi Supuni, akutembenuka ndi thupi lonse, "munagula ndinu. Ndinakuuzani kuti wa thumba lofiira umamwa madzi, inu n'kukatenga womwewo chifukwa wogulitsayo amakusekererani."

"Wophika wabwino sanamizira thumba."

"Munthu wa tayala m'kamwa andiphunzitse ine mpunga? Tapatukani apo."

Chikwama chinagwera pampando. Anawalanda supuni, ananyamula poto wopanda mchere uja n'kukhuthulira mu unzake, n'kutakasa. Anatunga.

"Wachulukabe," anatero bambowo.

Anawonjezera madzi otentha ndi tomato wosenda, anadula mbatatesi ziwiri n'kuponyamo. Anayenda kuchoka pachitofu kupita pawindo, kubwerera, kupitanso, mpaka nyemba zinabwata. Anatunga.

"Tsopano zayamba kufanana ndi chakudya."

Panatsala msuzi wa nyama, umene unali usanathiridwe kanthu. Mayi Supuni anatapa mchere, dzanja n'kuimanso m'malere monga tsiku loyamba lija. Bambowo anaona.

"Musathire ngati mukuona," anatero. "Basi yaikulu pobwerera m'mbuyo dalaivala saona kanthu. Amayenda pang'onopang'ono, khutu lili kwa kondakitala. Akamva kumenya kawiri, amaponda buleki, safunsa. Thirani kochepa."

Anathira kochepa, anatakasa, anatunga.

"Bwerani."

Anathiranso.

"Bwerani. Bwerani pang'ono."

Kachitatu bambowo anasunga msuziwo m'kamwa, maso ali kudenga. Kenako anamenya chitseko cha kabati ndi chikhatho kawiri, pha pha, mpaka makapu analira m'katimo.

"Pomwepo!"

Chakudya chinachedwa tsiku limenelo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni Mayi Supuni, wina anamenya tebulo kutsogolo n'kufuula kuti kodi ng'ombeyo akuithamangitsabe. Mayi Supuni anavala epuloni ija osazindikira kuti aivala liti. Anapakula. Kenako analoza amuna awo ndi chipande.

"Inu mukakhale pakona panu. Mukakhudza mbale ya munthu, ndikudulani zala." Anatembenukira mng'ono wawo. "Mbale zidzera pakawindo, ndipo uzilandira ndiwe."

Kudikira mbale kunawatalikira kuposa kugona pansi pa makina aja. Anapukuta chitofu. Anamwa madzi. Anasuntha mapoto, n'kuwabwezera. Mbale yoyamba inali ya mkulu wa amakaniko: nyemba zonse zinatha, mpunga unatsala pang'ono m'mphepete.

"Mpungawu walimba, mayi!" anafuula mwini wake, osafunsidwa.

"Dzulo unali kudya buledi wouma, lero wadziwa mpunga?"

Zinabwera zina, iyi yoyera, iyi yotsala msuzi, iyi yotsala khungu la tomato. Kenako mng'ono wawo anawapatsira ya mzere wobiriwira. Mayi Supuni anapita nayo pawindo n'kuipendeketsa. Nyemba kunalibe, mpunga kunalibe. M'mphepete munali kabichi, ataunjikidwa bwinobwino, fupa loyera lili pamwamba.

Madzulo a tsikulo anaimbira okha mwana wawo n'kumuuza zonse, za ndowa ndi za potupa zomwe. Mphunzitsiyo anakalipira bambo ake mpaka foni kutentha, ndipo Loweruka anabwera kudzaima pasinki kuti aone mbale ndi maso ake. Anaziona, anadya, ndipo za nkhuku sanazitchulenso. Mng'ono uja anabwerera ku nsalu zake kumapeto kwa Meyi.

Pa 12 Julayi Mayi Supuni anakhala mpando wa kutsogolo kwa dokotala, amuna awo ali pambuyo. Mtima unagunda monga kale, koma anapempha dokotalayo kuti abwereze, ndipo anamva okha kuti potupa paja paphwa, ndi kuti adzabwerenso pakatha miyezi ingapo, monga amachitira onse odwala matendawa. Chakumapeto kwa chakacho shuga anayamba kumveka patali, ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Mchere sunabwerere mpaka lero. Khosi likadali louma, botolo likadali pashelefu, ndipo kukhala pansi sanaphunzirebe.

Chitseko cha kabati chija chinayamba kugwedera chifukwa chomenyedwa tsiku ndi tsiku. Mayi Supuni akuti bambowo achikonze, poti ndi amene anachiwononga. Iwo akuti kondakitala sakonza basi.